Amalume Anadikira Opulumutsa

Ku Nkaneng, mudzi wa zisakasa pafupi ndi migodi ya ku Marikana ku Joni, mwezi wa Okutobala ukafika, munthu wokhala ndi fosholo amasanduka bwana. Ngakhale amene simupatsana moni chaka chonse amabwera pakhomo pako akumwetulira, kudzafunsa za ana, kenako maso n'kugwera pa fosholo. Aliyense amafuna kukumba ngalande kuzungulira mkhukhu wake mvula isanayambe. Mkhukhu ndilo dzina la tinyumba tathu ta malata, timene timawotcha ngati chiwaya dzuwa likakwera. Dothi la kumeneko ndi makande akuda. Likauma limang'ambika ming'alu yoti phazi la mwana n'kulowamo, koma likanyowa silimwa madzi. Limangowasunga pamwamba, n'kukulanda nsapato uli chiyendere.

Ine fosholo ndinkabwereketsa, koma sinali yanga. Inali ya amalume, alongo awo a amayi anga.

Ku Joni ndinapita kukafuna ntchito monga anzanga onse, koma tsiku lonyamuka kwathu ku Ntcheu amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundisenzetsa ntchito ina. Alongo awowo anapita ku migodi pa kontalakiti ine ndisanabadwe, ndipo anatchona. Poyamba ankatumiza mabulangete ndi zithunzi, kenako moni wa pakamwa pa anthu obwerera, kenako zii. Amayi anatsala pa mbumba yopanda mwini. Maliro akagwa kapena mlandu wa munda ukabuka, panalibe wowalankhulira.

"Ukawapeze," anatero amayi. "Sindikufuna njinga, sindikufuna wailesi. Ndikufuna ndiwaone maso angawa asanatsekeke. Ukabwere nawo amoyo."

Kuwapeza sikunavute monga ndinkaopera. Amalawi ku Joni timadziwana kutchalitchi. Nditangotchula mudzi wathu pa mapemphero ku Marikana, mkulu wina wa mpingo anati, "Aaa, madala otsokomola aja? Pitani kumunsi kwenikweni kwa Nkaneng, kumene nyumba zathera." Ndinawapeza atakhala pa kireti, akusoka nsapato. Anali aatali, owonda, ndi chifuwa chimene chinkamveka munthu usanawaone. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mphuno imeneyo ndi ya kwathu." Tinalira tonse awiri, nkhuku za eni ake zikutizungulira.

Anayambira ku migodi ya golide, kenako anasamukira ku ya pulatinamu. Anakwatira mayi wa Chitswana wa ku Mabeskraal, koma Mulungu sanawapatse mwana, ndipo mayiyo atamwalira abale ake anawaonetsa msewu mwaulemu. Ndiye anabwera kudzamanga pamalo poti akadzuka m'mawa aziona nsanja ya mgodi umene anapumirako ntchito. Ankadya kapenshoni kochepa, n'kumasokera anthu nsapato.

Tsiku lomwelo ndinati, "Amalume, tiyeni kwathu."

"Chaka cha mawa, mbumba yanga."

Chaka cha mawacho chinafika, n'kubala chinzake. Ndikawapanikiza ankati, "Ndikafike ndi chiyani? Anzanga anabwerera ndi malata ndi ngolo. Ine ndikatsike basi ndi chifuwa? Amayi ndi abambo anaikidwa ine kulibe. Ndikawayang'ana bwanji anthu?" Ndinkawauza kuti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, iwo n'kumaseka kuti ndaphonya ntchito, ndikanakhala mlaliki. Choncho ndinamanga kamkhukhu kanga chakumtunda, ndinapeza ntchito yochapa nsalu za pabedi pa malo ena ogona alendo ku Buffelspoort, n'kumadikira kuti mtima wawo ufewe.

Chimene chinkandidya si chifuwa chokha ayi, koma malo amene anamangapo. Kuseri kwa mkhukhu wawo kunkadutsa kakhwawa kouma, kodzaza mapulasitiki, matewera ndi mabotolo. Kumunsi kwake kunali kalavati, chipaipi chodutsa pansi pa msewu, ndipo pakamwa pake nthawi zonse pankatsekeka ndi zinyalala. Munthu wokulira m'munsi mwa mapiri a ku Ntcheu safunika kuuzidwa zimene khwawa louma limachita mvula ikagwa kumtunda.

Ife a chigawo chathu tinali ndi kakonzekeredwe kathu, kamene palibe anatiphunzitsa kupatula kunyowa. Amalawi, Axhosa, Asotho ndi a ku Mozambiki, tonse pa nkhani ya mvula tinkamvana. Matumba a ufa sitinkataya, tinkadzazamo dothi n'kuwaunjika pakhomo. Bedi linkakwera pa makireti. Padenga tinkaikapo matayala akutha ndi miyala kuti mphepo isapite ndi malata. Mapasipoti, makadi a kuchipatala ndi zovala za kusukulu zinkalowa m'bigiri ya chivindikiro, ndipo bigiriyo inkagona pafupi ndi chitseko. Amuna ankadziwa kuti mabingu akayamba, choyamba ndi kuchotsa mawaya a magetsi okokera aja oyenda pansi, chifukwa waya ndi madzi zikakumana, amayamba kufa ndi ana. Nyumba iliyonse inali ndi wenzulo. Tinapangana kuti mawenzulo akalira, aliyense anyamule bigiri ndi mwana, athamangire kutchalitchi cha malata chimene chinali pamtunda.

Zonsezi tinkazidziwa bwino. Chimene sitinkadziwa ndi chochita ndi munthu amene anakonzeka kale mwa njira yake.

Pakuti amalume sanali aulesi. Izi ndizo zimandipweteka mpaka lero, kuti mu Nkaneng monse munalibe munthu wokonzekera ngozi kuposa iwo. Ngalande yawo inali yowongoka, anthu ankabwera kudzaonera. M'kati mwa mkhukhu anachirikiza denga ndi mizati monga amachitira pansi pa nthaka, ndipo m'mawa uliwonse ankaigogoda ndi ndodo, khutu litatchera, kuti amve ngati wina wayamba kufooka. Chitseko anachiika mpiringidzo wachitsulo, ndipo m'mphepete mwake anakhomamo mphira wa lamba wakale wa kumgodi, moti chikatsekeka ngakhale nyerere inkabwerera panja. Pakona panali chigubu cha madzi akumwa, tochi ndi buledi wouma m'chitini. Pamutu pa bedi pankalendewera kanyundo, ndipo pambali pake panali paipi yachitsulo imene anaiboolera khoma kuti mutu wake utulukire kunja.

Nditafunsa za paipiyo, anandikhazika pansi. Anandiuza kuti ali mnyamata, ku golide kuja, thanthwe linagwa n'kuwatsekera awiri, iwo ndi mnzawo wa ku Lesotho. Mnzawoyo sanathe kupirira mdima. Anayamba kukwawa kufunafuna njira, miyala ina n'kumugwera. Amalume anakhala pomwepo, osasuntha, akugogoda paipi ya mpweya ndi mwala. Njala inawapha, ludzu linawapha, mpaka anamva wina akugogoda kuyankha. Gulu lopulumutsa linakumba n'kuwatulutsa amoyo.

"Mumgodi munthu sasowa," anatero, chala chili m'mwamba. "Ukamatsika umatenga nyali, ukatuluka umabweza. Nyali imodzi ikapanda kubwerera, palibe amapita kwawo, kuyambira kapitawo mpaka mzungu wamkulu. Ndiye lamulo ndi limodzi. Ngozi ikagwa, pasopa, chenjera, usathamange. Othamanga ndiwo amafa. Khala pamene akudziwa kuti uli, utseke, ugogode. Abwera."

"Amalume, kuno si mumgodi," ndinatero. "Ndani akudziwa kuti muli kuno kukhwawa?"

"Iwe ukudziwa. Kampani ikudziwa. Penshoni imandipeza bwanji ngati sakudziwa?"

"Madzi saiwala khwawa, amalume."

"Ndiye ukudandauliranji? Ngati madzi saiwala khwawa, inenso kwathu ndidzafika."

Ndi mmene ankandigonjetsera, ndi nthabwala, ine mkwiyo uli m'khosi. Ndinawapempha kuti nyengo ya mvula yokha azigona kwanga kumtunda. Anagwira pakamwa ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Hayikhona! Malume ndi mbumba yake chipinda chimodzi? Zikamveka ku Ntcheu ndidzabisa kuti nkhope?" Munthu amene sanaponde ku Ntcheu kuyambira ine ndisanabadwe ankaopa miseche ya ku Ntcheu. Ndinati ine ndizikagona kwa mnzanga, iwo atenge nyumba yonse. Anati sangathamangitse mwana wa mlongo wawo m'nyumba yake ngati kuti iwo ndi mampara, chitsiru chosadziwa kumanga.

Tsiku lina ndinalankhula mosapsatira. Ndinati mutu wawo ndi wouma kuposa thanthwe limene linawagwera, ndipo kuti amayi akudikira munthu, osati bokosi. Anandimvetsera mpaka ndinatopa, kenako anandifunsa ngati ndadya. Ndinabweretsa mkulu wa mpingo uja kuti awalankhule monga amuna okhaokha. Anamuphikira tiyi, anavomera chilichonse ndi "zoona, zoona, abambo," anamuperekeza mpaka pamsewu, n'kubwerera kudzawongola ngalande yawo. Ndinawagulira wenzulo. Anauika pakamwa, anauzira, koma unangolira ngati mwanapiye, chifuwa n'kuwagwira mpaka misozi. Fumbi la mgodi linali litawadyera mpweya kalekale. Anaupachika pa msomali n'kunena kuti nyundo siifuna mapapo.

Pafupi nawo pankakhala mayi wina wa Chixhosa wogulitsa mandasi, amene ankalera zidzukulu ziwiri. Ndinamupempha kuti mawenzulo akadzalira ine ndili kuntchito, asadzawasiye amalume. Anandigwira dzanja n'kulonjeza, ndipo ndikufuna zimveke kuti lonjezo lake anayesetsa kulisunga.

Linali tsiku la m'Disembala, nthawi imene ku Buffelspoort kumadzaza alendo a tchuthi ndipo ife ochapa sitiona ngakhale mpata wokanda pamsana. M'mawa ndinadutsira kwa amalume kukasiya buledi. Ndinawapeza akuchotsa mapulasitiki m'ngalande. Kunali kotentha kale, kutentha kopanda mphepo kuja.

"Lero kugwa mvula," ndinatero. "Mukamva mawenzulo mupite ndi anzanu kutchalitchi."

"Pita kuntchito, ungachedwe. Undipeza pomwe wandisiya."

Masana mitambo inaunjikana pamwamba pa mapiri, yakuda bii. Tinathamanga kukanula nsalu pa zingwe. Kenako kunayamba matalala, akuluakulu, ana a alendo n'kumakuwa ndi chimwemwe pakhonde, akutola ndi kuponyerana. Matalala atatha mvula sinakate, inangowonjezera. Ndili kupinda nsalu, foni inalira m'thumba la epuloni. Anali mayi wa mandasi uja. Mawu ake ankamveka patalipatali m'kati mwa chiphokoso.

"Sisi, madzi alowa! Madala sakutsegula!"

Ndinasiya nsalu pomwepo. Mkulu wathu wa ochapa, mayi wa Chitswana wa mtima wabwino, anangoti ndipite. Koma kupita kwake kunali kuti? Matekisi anali ataima chifukwa madzi anadula msewu pena. Ndinayenda m'mbali mwa tala, ndikuimika galimoto iliyonse, mpaka mlimi wina wonyamula malalanje anandikweza kumbuyo. Anazungulira njira ina yaitali n'kunditsitsa ku Marikana. Kuchoka apo ndinayenda pansi. Nsapato imodzi makande ananditengera pomwe ndinangosiya tala, inayo ndinavula ndekha n'kuitaya. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Zimene zinachitika ine kulibe anandiuza pambuyo pake ndi mayi wa mandasi uja. Kalavati inatsekeka, madzi a m'khwawa anasowa kolowera, n'kubwerera m'nyumba za kumunsi mofulumira kuposa mmene anthu ankayembekezera. Mawenzulo analira. Iye anabereka mdzukulu mmodzi, wina anamugwira padzanja, n'kupita kukamenya chitseko cha amalume. Anamuyankha ali m'kati, modekha, m'chilankhulo chawo cha kumgodi.

"Hamba, mama. Mina hlala lapa."

Ankamuuza kuti azipita, iwo akhala pomwepo. Anawonjeza kuti mwana wa mlongo wawo akudziwa pamene ali, ndipo opulumutsa abwera. Mayiyo anakankha chitseko ndi phewa, koma mpiringidzo unali utagwa kale. Madzi anali m'mawondo mwake, mdzukulu woyenda pansi anali atayamba kumira m'chiuno. Akanatani? Anakwera kutchalitchi n'kuuza amuna. Koma amunawo anali pa mkhukhu wina umene unagwera banja lonse, ena anali kuthamangitsana ndi mawaya. Wina anati madala aja ndi munthu wa mumgodi, amadziwa zochita.

Ndipo amalume ankagogoda. Nthawi yonseyo ankamenya paipi yawo ndi kanyundo. Koma Nkaneng yonse ndi malata, ndipo matalala ndi mvula zikamamenya madenga onsewo nthawi imodzi, munthu sumva ngakhale mawu a mnzako amene wagwirana naye dzanja.

Ndinafika kutchalitchi dzuwa litapendeka, mvula itayamba kuchepa. M'katimo munali fungo la zovala zonyowa, ana akulira, aliyense atakhalira bigiri yake. Ndinayang'ana nkhope imodziimodzi. Mayi wa mandasi atandiona anayamba kulira ndisanamufunse. Pamenepo ulemu wonse umene amayi anandiphunzitsa unandithawa. Ndinakalipira amuna akuluakulu, ena a msinkhu wa abambo anga, m'Chichewa, m'Chizulu chothyokathyoka, ndi m'mawu ena amene sindingawabwereze. Anali otopa, ena ali ndi mabala m'manja. Awiri a ku Mulanje ndi Msotho mmodzi anangoimirira, anatenga chingwe ndi chitsulo chokanulira malata, n'kunditsogoza.

Tinatsika titagwira chingwe. Madzi anafika m'mawondo, kenako m'chiuno. Anali ozizira chifukwa cha matalala, akuda, onunkha zimbudzi zimene anazikokolola. Matiresi, mapoto ndi nkhuku zakufa zinkatidutsa. Mikhukhu yambiri ya kumunsi inali itapendama kapena kugweratu. Wa amalume wokha unali chiimire, wowongoka, monga mwini wake anaumangira. Mvula itangoti yaleka, tinamva. Ngo. Ngo. Kenako chete wautali. Kenako ngo.

"Amalume! Tsegulani, ndine!"

Nyundo inalira kawiri motsatizana. Amuna aja anamenya chitseko ndi mapewa, osatheka. Ntchito yabwino ya amalume ndiyo inkatitsekereza kunja. Madzi anali atalowera pansi pa makoma n'kudzaza m'kati, ndipo mphira uja, umene anauika kuti madzi asalowe, unkawaletsa kutuluka. Anachita kukanula lata la khoma lakumbali. Litatseguka, ndinalowa ndine woyamba.

Anali atakhala pabedi, bedi lili pa makireti, madzi ali m'chifuwa. Anavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chisoti chakale cha kumgodi. Tochi anaimangirira pa chisotipo ndi chingwe cha nsapato, ikuyaka mofooka. Milomo inali yotuwa, thupi lonse likunjenjemera, ndipo dzanja logwira nyundo linali litauma moti tinachita kuwatambasula zala. Anandiona, koma maso awo sanaime pa ine. Anayang'ana kumbuyo kwanga, pa bowo la lata, ngati pali ena amene akubwera.

"Mwabwera ndi ndani?" anafunsa ndi mawu ong'ung'udza.

"Ndife tokha, amalume. Ine ndi abambo awa."

"Sanatumize anthu?"

"Palibe watumiza munthu."

Anayang'ana amuna atatu aja, osavala nsapato, zovala zong'ambika, chingwe choyanikira zovala chili m'chiuno. Ndinaona chinachake chikuzima pankhope pawo, ndipo ndinachita mantha kuposa mmene ndinachitira ndi madzi.

Tinawagoneka pa lata lomwe tinakanulalo n'kuwanyamula mpaka kutchalitchi. Azimayi anawavula zonyowa, anawafunda mabulangete a eni ake, wina anawamwetsa tiyi ndi supuni. Ambulasi inalephera kulowa chifukwa cha matope. M'mawa mwake tinawakweza pa wilibala mpaka pa tala, tekisi n'kutitengera kuchipatala ku Rustenburg. Adokotala anati ndi chibayo, ndipo chapeza mapapo amene anali otha kale.

Ndinkapita kukawaona tsiku lililonse ndikaweruka. Njira yonse ndinkakonza mawu owadzudzula. Ndinkafuna kuwafunsa kuti nanga lamulo lawo lija lawathandiza chiyani. Koma ndikafika n'kuwaona ali ndi kapaipi ka mpweya pamphuno, mikono itatsala mafupa, mawu onse ankathera pakhomo. Ndinkangowapukuta kumaso n'kuwasendera lalanje limene sankadya.

Tsiku lina anayamba okha, akupumira pakati pa mawu.

"Ndinagogoda mpaka dzanja linafa."

"Ndikudziwa, amalume."

"Ndinkati amva. Ndinkati akungochedwa ndi njira." Anatsokomola nthawi yaitali, ine nditawagwira msana. "Zaka zonsezi ndimayesa ankatifuna ifeyo. Mwina ankangofuna nyali zawo."

Ndinalakalaka akanandiseka monga kale, akanandiuza kuti ndine mlaliki. Ndinapambana mkangano umene tinakangana zaka zambiri, ndipo sindinamvepo chisoni chotere.

Kenako anati, "Umuuze mlongo wanga kuti ndikubwera. Ndikafika ndi chifuwa changa chomwechi. Akandiseka, andiseke."

"Chaka cha mawa?" ndinafunsa, misozi ili m'maso.

"Akanditulutsa muno."

Ndinathamangira panja pa chipatala kukaimba foni. Amayi alibe foni, ndimawapeza kudzera kwa mng'ono wanga amene amakhala nawo pafupi. Nditawauza, ndinamva nthungululu mpaka ndinachotsa foni kukhutu. Ndinamva akuitana anthu a m'mudzi mayina, akuwauza kuti mwini mbumba akubwera. Za madzi sindinafotokoze zambiri. Ndinangoti anadwala pang'ono, ali kuchipatala, akapeza bwino tinyamuka.

Masiku otsatirawo amalume ankaoneka ngati akutsitsimuka. Anadya phala. Ankandifunsa za kumudzi ngati mwana wofunsa za tauni, ngati mtengo wa mango wa pabwalo ulipobe, ngati njira ya kumanda ikudutsabe kudambo, ndani anatsala mwa anzawo amene ankaweta nawo mbuzi. Ambiri ndinkati anapita. Ankagwedeza mutu n'kufunsa wina. Chichewa chawo chinayamba kuyera, mawu a kumgodi aja anayamba kugwa okha. Ine ndinapita kukafunsa za basi yodzera ku Dedza, ndinawachapira jekete lija, ndinapempha tchuthi kuntchito.

Namwino anandiimbira m'mawa ndili pa tekisi yopita kuntchito. Anandifunsa ngati ndine wachibale wa madala a ku Malawi, n'kunena kuti ndibwere. Sindinafunse chifukwa. Nditafika ndinapeza bedi lawo atayala kale nsalu zina, zoyera, zopindidwa bwino m'makona monga ndimapindira ine kuntchito.

Ndinakhala pa benchi panja, foni ili m'manja, mpaka dzuwa linafika pamutu. Ndinkaopa. Ndinatumidwa chinthu chimodzi chokha, ndipo ndinkayenera kuuza amayi kuti sichinatheke. Pomaliza ndinaimba. Anayankha mng'ono wanga, n'kunena kuti ndidikire awapititsire. Ndinamva mapazi ake akuthamanga, nkhuku, kenako iye akuti, "Amayi, ndi achemwali a ku Joni."

"Undigwirire kukhutu, m'manja muli dothi," anatero amayi. Kenako mawu awo anamveka pafupi, akupuma mwawefuwefu, osangalala. "Mwana wanga, wandipeza ndikuzira. Kanyumba kaja ka kumpoto tafolera udzu watsopano, mphasa ndagula, lero ndikuzira pansi. Anthu akuti ndisiyire ana, ine ndakana. Nyumba ya alongo anga ndizira ndekha. Mwanyamuka liti?"

"Amayi," ndinatero. "Amayi, amalume atisiya m'mawa uno."

Sanalire. Ndinamva mng'ono wanga yekha akuyamba kusisima.

"Anavomera okha zobwerazo?" anafunsa. "Sunawakakamize?"

"Anavomera okha, amayi. Anati ndikuuzeni kuti akubwera."

"Chabwino," anatero. Ndinamva akupukuta mphuno, ndipo ndinadziwa kuti adzipaka dothi kumaso. "Bwera nawo. Ndatsala ndi pakhomo pokha, ndimaliza. Pamene muzifika pansi padzakhala patauma."